Sindinena Kuti Yathera Pano

Lolemba

M'mawa. Abwera a Zulu, mlembi wa mpingo wathu wa kuno ku Kamitondo, mu Kitwe. Jekete, nsapato zonyezimira, mpando akana. Munthu wokana mpando sabweretsa zabwino zokhazokha.

Uthenga wawo: Lamulungu lino tipemphera komaliza m'tchalitchi chakale, kenako tisamukira m'chatsopano cha magalasi chija. Chakalecho achigwetsa, pamalopo paziima magalimoto. Akulu a mpingo agwirizana kuti ine ndiime kutsogolo ndifotokoze momwe tinachimangira, popeza mwa oumba njerwa onse watsala ndine ndekha.

Mtima myaa! Chimwalirire akazi anga Amake Esinati chaka chatha, ondipempha kuti ndinene kanthu pagulu achepa.

Koma uthengawo uli ndi mchira. "Akulu, mukamaliza munene momveka kuti nkhani yathera pano, kuti a kwaya adziwe polowera. Loweruka tiyeserera. Zikakanika, ndiwerenga ndine za papepala."

Ine?! Kulengeza kuti nkhani yatha, ngati kondakitala wa minibasi akuti tsikani tafika?

Ndawafunsa: kodi mvula ikamakata imalengeza? Iwo: "Akulu, kumbukirani za ku Luangwa."

Za ku komboni ya Luangwa ndi izi. Mwezi watha, maliro a mnzanga wa ku mgodi. Ndinalankhula, ndinamaliza bwinobwino, ndinatseka pakamwa. Anthu duu kundiyang'ana. Ine duu kuwayang'ana. Poona kuti akufuna zina, ndinawonjezera. Ndinamalizanso. Duu. Ndinawonjezeranso. Mpaka adzukulu anayamba kukwirira ndili pakati pa mawu. Mlandu ndi wanga? Makutu a anthu a masiku ano ndiwo anagontha.

Kusukulu sindinapondeko. Zilembo ndinaziphunzira ndili ndi ndevu kale, pa buku la nyimbo, Amake Esinati akuloza ndi chala. Koma kukamba nkhani palibe anandiphunzitsa, ndipo sayamba lero a Zulu.

Zimene ndatsimikiza:
- Lamulungu woima ndine, osati pepala.
- Mawu awo aja sinditchula.
- Sabata ino ndiyesa nkhani zanga pa anthu, aone kuti nkhani yokambidwa bwino imadziwika yokha pothera.
- Kusita jekete.

Lachiwiri

Madzi sanabwere pa mpopi. Mwayi! Bana Mwape, mayi wachiBemba wa nyumba yoyandikana nane, aima pa mpanda ndi ndowa zawo. Kothawira alibe.

Ndawasankhira yopepuka. Ya kapitawo wathu wa pansi pa mgodi, munthu wotukwana kuyambira polowa mpaka potuluka, amene tsiku lina ali mkati mokalipa mano ake oikirira anafwamphuka n'kugwera mu shafuti. Ndaikamba mwaluso, ndi manja omwe. Ndamaliza ndi mawu akuti, "Tsiku limenelo mgodi wonse unagwira ntchito mumtendere." Ndatseka pakamwa. Pamenepa ngakhale khanda liyenera kuseka n'kuwomba m'manja.

Bana Mwape: "Elyo, bashikulu?" Ndiye kuti, kenako, agogo?

Kenako chiyani! Mano agwa, munthu wakhala chete, mukufunanso chiyani?

"Nanga manowo anawapeza?"

Sanawapeze.

"Nomba, nanga ankadya bwanji?"

Ndangozindikira ndikufotokoza za mkazi wa kapitawoyo, amene sindinamuonepo ndi kale lomwe. Ndamupatsa ndi ana omwe. Mmodzi ndamukwatitsa ku Mufulira. Mpopi wayamba kutsokomola, Bana Mwape anyamula ndowa. "Mudzamalize mawa, bashikulu, yakoma."

Kumaliza chiyani? Inatha kalekale!

Masana. Wogulitsa makala wa panjinga. Nkhani yomweyo. Uyu waseka msanga, mano asanagwe n'komwe, akuti "Awe, mwandipha mudala," wakwera njinga wapita.

Zotsatira za lero:
- Mmodzi wadikira itatha.
- Mmodzi wachoka isanathe.
- Onse awiri si a mpingo wathu, choncho sindikuwawerengera.

Madzulo. Malaiti apita. Ndawiritsa tiyi wa anthu awiri, dzanja linazolowera. Ndamwa yense ndekha, wachiwiriyo atazizira.

Lachitatu

Kwa a Nyirenda, kukasewera nsolo pansi pa mtengo wa mapeyala. A Nyirenda anali kalaliki ku mgodi, makolo awo anachokera ku Malawi, amapemphera ku tchalitchi china kutsidya kwa msewu. Ophunzira. Akamafuna kukutsutsa amayamba apukuta magalasi.

Ndawafotokozera za a Zulu. Apukuta magalasi.

Alowa m'nyumba, atuluka ndi mabuku. Akale achikasu aja, tsamba lomaliza lili ndi liwu lalikulu pakati lonena kuti nkhani yatha. Atsopano alibe. Nkhani imangoima, pansi pake mbee.

Ndalumpha! Mwaona? Ngakhale olemba mabuku a masiku ano ali mbali yanga!

A Nyirenda: "Ine ndikafika pamenepo ndimatembenuza buku kuona ngati adzukulu athothola masamba kukayatsira mbaula."

Ndiye mwakalamba, ndawauza.

"Komanso buku limachenjeza, achimwene. Zala zimamva kuti mapepala akuchepa. Inu mapepala anu amachepa liti?"

Ndaweramira pa njere. Ndimaganizira za nsolo.

Ndabwereza za mvula, kuti siilengeza ikamakata. Iwo: "Koma nkhuku ikatha kuikira imatetera, komboni yonse imve." Ndawauza kuti ine si nkhuku. Avomera. Akuti nkhuku imadziwa polekera.

Sanathere pomwepo. "Zaka zonse zija pa shafuti ntchito yanu inali yotani? Si kuliza belu kuti kheji yonyamula anthu iime? Bwanji simunkaisiya kuti izindikire yokha kuti yafika?"

Kheji ndi chitsulo, ilibe makutu! Anthu ali nawo awiriawiri!

Andidya nsolo kawiri. Ndikuganiza kuti pamene ndimayang'ana mabuku anasuntha njere.

Pochoka andiperekeza mpaka pa geti, monga mwa masiku onse. Nawonso amakhala okha, akazi awo anatsogola kale. Taima pa getipo nthawi ndithu, aliyense kudikira mnzake kuti atsanzike.

Lachinayi

Lero ndiye lero. Amayi a Lachinayi ali ku tchalitchi, akupakira nsalu ndi makapu zopita ku chatsopano. Awa ndi anthu anga. Andimvera zaka zambirimbiri, pa maukwati, pa maliro, pa masika. Sindinanenepo kuti nkhani yatha, koma nyimbo inkaphulika pa nthawi yake yeniyeni. Awa ndiwo mboni zanga kwa a Zulu.

Ndakhala pa benchi, ndawakambira ya mbale ya chopereka imene inasowa n'kupezeka ku nyumba ya abusa akudyeramo abakha. Ndamaliza.

Duu.

Wina wagwira tsache m'mwamba ngati chithunzi. Wina akundiyang'ana pakamwa.

Ndafunsa: kodi mwatani inu? Kale munkadziwa!

Ayang'anana. Mayi Sakala, otsogolera kwaya, apukuta manja pa chitenje, agwada pambali panga. "Agogo, musakwiye. Kale sitinkayang'ana inu. Tinkayang'ana chikwama."

Chikwama chiti?

Cha Amake Esinati. Chakuda chija, cha kachitsulo kotsekera pamwamba. Akuti ndikaimirira kuti ndilankhule, iwo ankachitsegula n'kuchiika pa miyendo. Akaona kuti zakwana ankatseka, kha! "Tikangomva kha, ine ndinkayambitsa nyimbo. Amayi onse ankadziwa. Atsopano tinkawauza tsiku lowalandira."

Tsiku lowalandira!

Ine zaka zonsezi ndimati nyimbo imaphulika yokha chifukwa mawu anga alasa mitima.

Wina wa tsache uja wawonjezera mchere: "Pa ukwati wa Esinati anatseka muli pakati pa nkhani ya ng'ombe. Inu munakhala pansi mukumwetulira, n'kuwauza kuti mwaona momwe ndawagwirira anthu."

Aseka onse. Kenako aleka, ataona nkhope yanga.

Ndawauza kuti ndinkadziwa. Ndinkangowasiya Amake Esinati kuti nawonso akhale ndi chochita. Mayi Sakala: "Ee, Agogo. N'zoona."

Pobwerera ndadzera njira ya kuseri kwa msika, kuti ndisakumane ndi munthu.

Nkhani ya ng'ombe ija inali isanathe. Ndakumbukira lero. Ng'ombeyo inali isanawoloke n'komwe mtsinje.

Lachisanu

Ndakwera pa mpando, ndachipeza chikwama chija pamwamba pa kabati, chokulungidwa m'chitenje.

Zamkati:
- Mpango wa misozi, wopinda bwino.
- Singano ndi ulusi wakuda.
- Maswiti a chifuwa, omatirirana.
- Fungo la mafuta awo odzola.

Ndatsegula. Ndatseka. Kha! Kaphokoso kakang'ono chonchi, ine sindinakamvepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinkamva mawu anga okha.

Ndakhala nacho pa bedi mpaka dzuwa lafika pa zenera la kukhitchini. Mayi uyu! Ankandidula pamaso pa anthu, pobwerera kunyumba n'kumandiuza kuti lero mwalankhula bwino abambo, ine n'kumayenda ngati tambala. Ndikufuna kukwiya, koma wokwiyira palibe.

Masana. Nzeru zabwera! A Zulu akufuna chizindikiro. Chabwino. Chizindikiro chilipo, nachi. Pakamwa panga sipatuluka mawu awo, chikwama chigwira ntchito yake yakale. Uku si kugonja ayi. Uku ndi mwambo.

Chasowa ndi dzanja lotseka. Mwana wa mwini chikwama alipo.

Ndaimbira Esinati ku Kanini, ku Ndola. Bwera Lamulungu, udzakhale kutsogolo ndi chikwama cha amako. Waseka mpaka kutsamwa. Nayenso ankadziwa! Akuti kunyumba chizindikiro chinali kutenga kapu yanga patebulo. Ndiye ndi ndani sankadziwa mu Kitwe muno?

Kubwera sabwera. Ku sitolo kumene amagwira sakumulola, mapeto a mwezi. "Atate, ingonenani kuti ndatha. Simufa nazo."

Ndamuuza kuti amvere kaye nkhani ya njerwayo, aone yekha ngati ikufuna chikwangwani. Wavomera. Ndaikamba yonse pa foni, ndili chiimire, ngati ndili m'tchalitchi. Ndamaliza. Chete.

Ndikumva madzi. Mbale zikugundana. Mwana akulira chapatali.

Esinati?

Mawu ochokera kutali, ngati ali m'chitsime: "Ee Atate, ndikumva, pitirizani!"

Foni anaiika pa shelefu.

Ndapitiriza. Ndikanatani? Ndinali pa nkhani ya mabenchi pamene tokotaimu ya mu foni yatha. Sanaimbenso. Mwina akuganiza kuti pamenepo ndiye pothera.

Loweruka

Kuyeserera, fotini awazi, thu koloko masana. Chikwama ndachiika m'jumbo, kuti anthu a m'njira asati mdala wayamba misala.

Alipo: a Zulu ndi wotchi yawo, Mayi Sakala, a kwaya ochepa, ndi anthu oyeza mawindo oti awagule tchalitchi chikagwa. Kuyeza mwini ali moyo!

Ndafotokoza za chikwama. A Zulu ayang'ana kudenga, kenako avomera. Mayi Sakala achilandira ndi manja awiri, akhala kutsogolo, atsegula.

Koyamba. Ndayamba ndi malonje, monga mwa ulemu. Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, atumiki, amayi, achinyamata, alendo ochokera ku...

Kha!

A kwaya aimirira, nyimbo yaphulika. Nkhani ndisanaiyambe! Mayi Sakala: "Pepani Agogo, chala chinaterereka."

Kachiwiri. Tsopano yayenda. Momwe tinkatulukira ku mgodi mapapo odzaza fumbi n'kulunjika ku dothi osadzera kunyumba. Momwe amayi ankasenzera madzi m'zitini kuchokera ku dambo, Amake Esinati ali ndi pakati pa Esinati yemweyo, akukana kupuma. Njerwa zoyamba zimene mvula inasungunula usiku umodzi, ife m'mawa kupeza phala. Uvuni umene tinawotcha ndi nkhuni zopemphetsa. Mzimbabwe wa nyumba yapafupi amene sankapemphera koma anatibwereka chikombole, nabwera kudzatitukwana kuti tikuumba zokhota, mpaka anavula malaya n'kuyamba kuumba yekha. Ndipo pomaliza, Lamulungu loyamba pansi pa malata athu. Mvula inagwa, malata analira mwakuti ulaliki wonse sunamveke, abusa ankangoyasama pakamwa ngati nsomba, ife tonse kuseka, owuma, m'nyumba yathuyathu.

Pamenepo. Pothera ndi pamenepo. Ngakhale mwala ungadziwe.

Ndatseka pakamwa.

Chikwama chili yasa. Mayi Sakala misozi chuchuchu, akundiyang'ana. A kwaya akuyang'ana chikwama. A Zulu akuyang'ana wotchi. Oyeza mawindo aleka kuyeza.

Ndadikira. Ndakhosomola. Ndaloza chikwama ndi nsidze.

Duu.

Chete ameneyu amandiyabwa ngati chitedze. Ndawonjezera za mabenchi. Ndawonjezera za belu. Za mpanda. Ndinali pa chimbudzi chachiwiri, chimene chinagwa, pamene a Zulu aimirira.

Mayi Sakala akubweza chikwama: "Ndimaopa kukudulani, Agogo. Poti ndatseka msanga koyamba. Mwini wake yekha ndiye ankakudziwani."

A Zulu andikokera pambali, mwaulemu ndithu, sindingawanamizire. "Akulu, nkhaniyi ndi yabwino, papepala palibe zotere. Ndikupempha. Pa malata paja mungonena kuti yathera pano, basi. Mawa muima ndinu."

Anthu onse akumva. Oyeza mawindo omwe.

Ndati: werengani pepala lanu.

Ndatuluka pang'onopang'ono, kuti athe kundipeza. Pa geti la tchalitchi ndaima, ndamanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Palibe wanditsatira.

Madzulo. Ndakhala pakhonde mpaka udzudzu wayamba. Nsapato iliyonse yodutsa mu msewu ndimati ndi a Zulu. Jekete ili pa msomali, yosita.

Lamulungu

Ndavala jekete. Ndasita ndekha, ndiye ivalidwe.

Tchalitchi chadzaza mpaka pa mawindo. Ena sindinawaonepo, abwerera chatsopano. Nthawi ya mbiri, a Zulu aima ndi pepala.

Akuti tchalitchichi chinamangidwa ndi akhristu odzipereka. Akuti panali zovuta zosiyanasiyana. Akuti Mulungu anathandiza. Zonse zoona. Koma madzi a m'zitini mulibe. Phala la njerwa mulibe. Mvula pa malata mulibe. Dzina la munthu ngakhale limodzi mulibe.

"Mbiri yathera pano."

Kwaya yalowa ngati mpeni pa papaya. Bwino kwambiri, ndisaname.

Kenako akuti tili ndi mmodzi mwa omanga pakati pathu, aimirire timuone. Ndaimirira. Andiona. M'manja. Ndakhala pansi. Tsabola wakale sawawa.

Pemphero lomaliza, onse atuluka pa mzere akuimba, kupita ku chatsopano. Kumeneko kuli mpunga ndi nkhuku. Ine ayi. Ndatsala pa benchi.

Zii. Nkhunda zokha pa denga.

Kumbuyo wina wakhosomola. A Nyirenda! Tayi, ndodo, magalasi. "Ndajomba kwathu lero kuti ndidzamve inu, ndiye andiwerengera pepala. Kambani, achimwene. Nsapatozi zandipweteka, sindibwerera chabe."

Ndapita kutsogolo. Malonje ndafupikitsa, popeza mlendo ndi mmodzi. Ndaikamba yonse, kuposa dzulo. Mawu akumveka bwino m'nyumba yopanda anthu, makoma akundibwezera. Pa madzi a m'zitini ndatchula amayi onse mayina, mmodzimmodzi, ndi Amake Esinati omwe, dzina lawo lenileni la ubatizo, limene sindinalitchule mokweza chiwaikire m'manda.

Pofika pa uvuni, mutu wa a Nyirenda uli pa chifuwa.

Ndapitiriza. Mvula, malata, abusa ngati nsomba, ife kuseka. Ndafika.

Chete. Mkonono wokha.

Lilime layamba kuyabwa, za mabenchi zafika kale pakhosi. Ndayang'ana uku ndi uku. Palibe munthu, palibe a Zulu, mboni yagona. Ndati ndingolawa, ndimve kuti amakoma bwanji mawu amenewa. Motsitsa, ngati ndikuuza nyerere:

Nkhani yathera pano.

A Nyirenda dzambatu! "Ameni!" Awomba m'manja, ndodo yagwa, nkhunda zabalalika. "Yabwino, achimwene. Yabwino zedi. Makamaka chakumapetoko."

Ndawatolera ndodo. Sindinawafunse kuti chakumapeto kunali chiyani.

Ku chatsopano tapeza mpunga watha. Tagula chimanga chootcha pa msewu, chimodzi, tathyola pakati, ngakhale mano a tonse awiri ndi ongoyerekeza. Pa mphambano aliyense walowera kwake.

Amagwira ntchito mawu aja. Ndi opusa, ndi a kondakitala, koma amadzutsa ndi ogona omwe.

A Zulu asamve.